Maoda anga anayamba kuchuluka nditasiya kudalira sitetasi

Ndakhala ndikugulitsa ziwiya za kukhitchini ndi nsalu za pabedi kuchokera kunyumba kwanga kuno ku Salima kuyambira mu 2021, ndipo funso limene anzanga a geni amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti ndimawapeza kuti anthu ondipatsa maoda, pamene ndilibe shopu pa Kamuzu Road kapena benchi mumsika. Ena amaganiza kuti pali gulu lina la pa WhatsApp limene ndikuwabisira. Ena amanong'onezana kuti mwina ndinapita kwa sing'anga. Zoona zake n'zakuti miyezi yanga yoyambirira inali yochititsa manyazi, ndipo ndikanapanda kukhala ndi mlamu wolankhula mosapsatira, bwenzi pano mapoto aja ndikuphikira ndekha.

Ndinayamba monga momwe ambiri amayambira. Ndinatenga mpamba umene ndinasonkhanitsa pang'onopang'ono, ndinakwera minibasi kudutsa msewu wa M14 mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kupita ku Lilongwe, ndipo ndinapikula mapoto, mafulasiki, mbale ndi nsalu za pabedi m'mashopu a cha ku Malangalanga. Nditabwerera, ndinkadzuka m'mawa uliwonse n'kujambula katunduyo bwinobwino pa tebulo la pabalaza, kenako n'kuika zithunzizo pa sitetasi ya pa WhatsApp. Anthu oziona ankapitirira 100 tsiku lililonse, ndipo chiwerengero chimenechi chinkandinyenga kwambiri, chifukwa ndinkachiwerenga ngati makasitomala. Amene ankayankha ankangofunsa kuti ndi zingati, ndikawauza mtengo n'kukhala chete. Pa miyezi iwiri ndinagulitsa mapoto atatu, awiri mwa iwo pa ngongole. Makatoni anadzaza kuchipinda kwa ana, mpaka tsiku lina bambo a kunyumba anandifunsa mwanthabwala kuti, "Kodi mayi, alendo ali kuchipindawa tiyamba liti kuwalipiritsa lendi?" Ndinaseka, koma usiku umenewo sindinagone.

Mlamu wanga, mchemwali wawo wa bambo a kunyumba, amakhala cha ku Lifuwu ndipo amalima mpunga. Atabwera kudzationa anaona makatoniwo, anatsegula limodzi, ananyamula poto n'kumuyang'ana pansi, ndipo anati, "Alamu, kwathu anthu sagula chithunzi. Bwerani nazo Lachinayi ku banki m'khonde kwathu kuti azigwire ndi manja." Sindinkafuna kupita, chifukwa ndinkaona ngati kunyamula katundu pamutu n'kumayenda m'midzi n'kudzitsitsa, pamene ine ndinkadziona ngati wamalonda wamakono wa pa foni. Ndinapita chifukwa chosowa njira ina.

Tsiku limenelo ndinathira madzi owira mu fulasiki imodzi cha m'ma 6 koloko m'mawa. Sindinachite zimenezi ndi cholinga chotsatsa malonda, koma ndinkangofuna kukamwa tiyi ndikafika. Ndinakwera minibasi ya ku Senga Bay, ndinatsikira panjira n'kukwera kabaza, makatoni awiri atamangidwa kumbuyo ndi mphira. Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa mango, ndipo mlamu wanga anandikhazika pambali n'kundiuza kuti ndisatulutse kanthu kufikira amayiwo atamaliza zawo. Ndinadikira iwo akugula masheya, akubweza ngongole, akukangana za chindapusa cha wobwera mochedwa, mpaka bokosi la ndalama linatsekedwa ndi maloko ake atatu. Nthawi inali itakwana 3 koloko pamene wapampando anandipatsa mpata. Ndinayala chitenje pa mphasa n'kundandalika katundu, mtima ukugunda ngati mwana wa sukulu pa tsiku la mayeso.

Mayi wina wachikulire ndiye anayamba kuyandikira. Sanafunse mtengo. Ananyamula poto wamkulu, anamutembenuza, anagogoda pansi pake ndi chala chopinda n'kumvetsera kalilidwe kake, kenako anavundikira n'kugwedeza kuti aone ngati chivundikiro chikugwira. Atatero anandifunsa ngati potoyo angapirire pa mafuwa, komanso ngati mpunga sungapserere pansi moto ukachuluka. Ndinasowa choyankha, chifukwa ndinali ndisanaphikirepo mu poto aliyense mwa mapoto amene ndinkagulitsa, ndipo manyazi amene ndinachita pamenepo ndimawakumbukirabe. Chimene chinandipulumutsa ndi fulasiki ija. Mlamu wanga anaitenga kuti apange tiyi wa agogo aja, ndipo atatsegula nthunzi inatuluka, patapita maola 9 chithirireni madzi. Mayi wina anathira pang'ono m'kapu, anaviika chala n'kuchichotsa msanga akufuula, amayi onse n'kuseka. Ndinabwerera kunyumba dzuwa litalowa ndi maoda 11 olembedwa kuseri kwa risiti, ambiri a iwo a mafulasiki, kuposa zonse zimene ndinagulitsa pa miyezi iwiri ya zithunzi.

Ndili pa kabaza pobwerera ndinkaganizira chimene chinasiyanitsa tsikuli ndi masiku ena onse. Katundu anali yemweyo ndipo mitengo inali yomweyo. Kusiyana kunali kwakuti amayiwo anagwira katundu ndi manja awo, anamuona akugwira ntchito, ndipo koposa zonse anandiona nditakhala pafupi ndi munthu amene amamudziwa kuyambira kale. Mayi wa ku Lifuwu sankandikhulupirira ine, koma ankadziwa kuti fulasiki ikakhala yabodza adzakagogoda pakhomo pa mlamu wanga, amene sangathawe chifukwa munda wake wa mpunga uli pomwepo. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunafuna ogula mmodzimmodzi, ndipo ndinayamba kufunafuna anthu oti andiitane. Munthu mmodzi akandiitana kunyumba kwake kapena ku gulu lake, amakhala wandibweretsera anthu 10 kapena 20 pamodzi ndi dzina lake labwino, chinthu chimene sindingagule ndi bandulo ya intaneti.

Ndinayambanso kuphikira m'ziwiya zonse zimene ndimagulitsa. Pa mtundu uliwonse wa poto ndimapatula mmodzi wanga, ndimamuika pa mbaula, pa mafuwa ndi pa mbale ya magetsi, ndimaphikamo nsima, mpunga ndi nyemba, ndipo ndimapita naye kokaonetsa ali wakuda kunsi. Poyamba ndinkaopa kuti poto wakuda aipitsa malonda, koma ndi iyeyo amene amayi amathamangira kukamugwira, chifukwa amawauza zimene poto wonyezimira wa m'katoni sanganene. Mtundu wina wa mapoto opyapyala ndinasiya kuupikula nditaona kuti chogwirira chake chikugwedera patangotha milungu itatu, ngakhale kuti unali ndi phindu lalikulu kuposa ena onse.

Nkhani yopeza woitana wotsatira ndi imene inanditengera nthawi yaitali kuti ndiimvetse, ndipo ndi pamene ndimaona anzanga ambiri akuphonya. Poyamba ndikamaliza kuonetsa katundu ndinkafunsa pagulu kuti ndani angakonde kuti ndibwere kwawo, ndipo aliyense ankayang'ana pansi. Ndinazindikira mochedwa kuti funso limeneli ndi lolemera kuliyankha pamaso pa anthu, chifukwa mayi amayamba kuganizira za nyumba yake ngati ili yooneka bwino, za mipando, za choti adzawapatse alendo, komanso za amuna ake amene sanawafunse. Tsopano sindifunsa pagulu. Pamene amayi akuona katundu ndimayang'ana amene akufunsa mafunso ambiri, amene anzake akumutembenukira asanasankhe, kapena amene wagwira chinthu kawiri katatu n'kuchibweza pansi mwachisoni chifukwa ndalama palibe. Pobalalika ndimamuperekeza pang'ono n'kumuuza kuti akasonkhanitsa anzake ochepa chabe pakhonde pake, ine ndidzabwera ndi shuga ndi masamba a tiyi, iye asavutike ndi china chilichonse, ndipo maoda akafika pa mlingo wakutiwakuti chinthu chimene wachikonda chija chidzakhala chake kwaulere kapena pa theka la mtengo. Mayi wosowa ndalama koma wokhala ndi anzake ambiri ndiye woitana wabwino kuposa mayi wolemera, popeza wolemerayo amangogula n'kuiwala, pamene uyu amayenda khomo ndi khomo kukumbutsa anzake za tsikulo.

Ndimayesetsanso kuti tsiku ligwirizanidwe pomwepo tisanasiyane. Mawu akuti ndidzakuimbirani ndawamva kambirimbiri, ndipo foni yake sindinailandirepo. Ndimatulutsa kope langa n'kumuonetsa masiku awiri amene ndili ndi mpata, kuti asankhe limodzi, ndipo kutatsala masiku awiri ndimamuimbira kumufunsa mayina a amene avomera kubwera. Akatchula atatu okha sindimukhumudwitsa, ndimangomukumbutsa za alamu ake, a kwaya anzake kapena aphunzitsi a pa sukulu yapafupi, chifukwa nthawi zambiri munthu amaiwala kuti amadziwana ndi anthu ochuluka chotani.

Pa mphatso ya woitana ndinalakwitsapo kamodzi moti ndinatsala pang'ono kutaya mudzi wonse cha ku Khombedza. Ndinapereka nsalu ya pabedi kwa mwini nyumba pamaso pa anzake, ndikuganiza kuti ena asirira n'kufunanso kundiitana. M'malo mwake panabuka manong'onong'o akuti mayiyo anawasonkhanitsa kuti adyerepo, ndiponso kuti mitengo ndinaikweza dala kuti ndilipirire mphatso yakeyo. Maoda anayi anabwezedwa mlungu womwewo. Chimene ndimachita tsopano n'kunena poyera kumayambiriro kuti aliyense wondiitana ndimamuthokoza ndi kanthu kochokera pa phindu langa, ndipo mitengo ndi imodzimodzi kulikonse kumene ndimapita, koma mphatso yeniyeniyo ndimaipereka mwakachetechete pa tsiku lobweretsa katundu. Anthu sadana ndi mphatso ya mnzawo ngati anaidziwiratu, chimene amadana nacho n'kumva ngati awagwiritsa ntchito mobisa.

Pali malo ena amene sinditulutsako katundu ngakhale atandikakamiza. Ku msonkhano wa mapemphero a amayi ndimapita ngati wopemphera, ndipo wina akandifunsa za mapoto ndimamuuza kuti tikambirane panja tikaweruka. Kuno ku Salima tilinso ndi abale athu ambiri achisilamu, makamaka m'mbali mwa nyanja, ndipo ndinaphunzira kusaika tsiku loonetsa katundu Lachisanu masana. M'mwezi wa Ramadan sindinyamula tiyi wa masana uja, chifukwa kutsegula fulasiki ya nthunzi pamaso pa munthu amene akusala n'kupanda ulemu. Koma milungu iwiri kapena itatu mweziwo usanayambe ndi nthawi imene mafulasiki, mbale zazikulu ndi ziwiya zosunga chakudya kuti chisazizire zimafunidwa kwambiri, popeza m'makomo amakonzekera futari ya madzulo ndi chakudya cha m'bandakucha. Chaka choyamba ndinazindikira zimenezi mwezi uli pakati, katundu wofunikayo ndilibe. Tsopano ndimafunsiratu kwa makasitomala anga achisilamu, chifukwa mweziwo umasuntha chaka ndi chaka ndi masiku pafupifupi 11.

Zimenezi zikundifikitsa pa nkhani ya nthawi imene ndalama zimapezeka, imene kwa ine ndi theka la geni yonseyi. Boma la Salima lili ndi anthu amene ndalama zawo zimabwera pa nyengo zosiyana kwambiri, ndipo wamalonda amene amagogoda pakhomo lililonse nthawi imodzi amangotopa pachabe. Aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi mabanja a asilikali a ku sukulu ya usilikali ya MAFCO amadikira kutha kwa mwezi, choncho kwa iwo ndimakaonetsa katundu chapakati pa mwezi n'kudzabweretsa malipiro akangolowa, ndalama zisanathere kwa a golosale ndi a lendi. Alimi a mpunga a ku Lifuwu ndi alimi a thonje a kumtunda amagwira ndalama akakolola ndi kugulitsa, kuyambira cha mu Meyi mpaka Julayi, ndipo pa nthawi imeneyi ndi pamene mapoto akuluakulu ndi mabulangete amayenda, mwezi wa Juni ukamazizira. Kwa mabanja a asodzi ndimayang'ana nyanja. Pa chilumba cha Mbenje usodzi umatsekedwa kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo motsatira lamulo la mfumu yaikulu Makanjira, ndipo akatsegulira usodzi, amayi ogulitsa nsomba a dera limenelo amayamba kuyankha mafoni anga ndi mawu ena. Magulu ambiri a banki m'khonde amagawana ndalama zawo kumapeto kwa chaka, choncho mu Okutobala ndi Novembala, ngakhale dzuwa la kuno likuotcha ngati ng'anjo, ndimayenda kwambiri kuti mayi akamalandira gawo lake akhale atasankha kale chimene akufuna.

Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene sindiyembekezera oda yaikulu kwa aliyense, chifukwa ndalama zimapita ku fizi, ku feteleza ndi kogula chimanga. Chaka choyamba ndinkadandaula kuti geni yafa. Tsopano miyezi imeneyi ndimaigwiritsa ntchito kuyendera amene anagula kale, kulemba mayina a amene ali ndi ukwati kapena chinkhoswe cha mwana wawo m'chilimwe, ndi kugulitsa tinthu ting'onoting'ono monga masupuni ndi makapu kuti dzina langa lisaiwalike. Ukwati umodzi umabweretsa maoda ambiri kuposa misonkhano itatu, chifukwa anzake a mayi wa mkwatibwi amasonkherana kugula ziwiya za mphatso, koma amene amapeza oda imeneyi ndi amene anaimva nkhaniyo miyezi inayi isanachitike.

Maoda atayamba kuchuluka ndinakumana ndi vuto lina, paja walira mvula walira matope. Pa maoda 11 oyambirira a ku Lifuwu, amene analipira n'kutenga katundu anali 7. Ena anayi anandiuza kuti ndalama anagwiritsa ntchito ina, ndipo ndinatsala ndi katundu amene ndinapikula chifukwa cha mawu awo. Sindiwaimba mlandu, chifukwa pagulu munthu amatha kukweza dzanja poopa kuoneka wosauka pamaso pa anzake. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo oda ya pakamwa ndi fodya wapachala. Tsopano dzina limalowa m'kope pokhapokha munthu atapereka kandalama koyambira, kaya ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo, kaya ndi kochepera pamenepo ngati ndikumudziwa. Ndimalemba dzina, chinthu, mtengo, zimene wapereka, zotsala ndi tsiku lobweretsa, ndipo iye amasaina kapena kudinda chala, woitana ali pomwepo ngati mboni. Ndinkaopa kuti dipoziti ithamangitsa anthu. Inachepetsadi manja okwezedwa, koma katundu wobwerera kunyumba anatsala pang'ono kutheratu, ndipo amayi ambiri anandiuza kuti amakonda kulipira pang'onopang'ono chifukwa ndalama yosungidwa m'nyumba imatha ndi ndiwo.

Kope limeneli linayesedwa kwambiri mu Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Ndinali nditatolera madipoziti a maoda ambiri a Disembala pa mitengo yakale, koma ndinali ndisanapite kukapikula, chifukwa ndinkadikira kuti ndalama zichuluke ndipite ulendo umodzi. Nditafika ku Lilongwe ndinapeza mitengo itasintha, ndipo m'mashopu ena ankakana n'kugulitsa komwe podikira kuti aone kumene zinthu zikulowera. Ndinakhala pa benchi mudepoti ndikuwerengera pa foni, ndipo ndinaona kuti ndikasunga mitengo imene ndinalonjeza, phindu la nyengo yonse ya Khirisimasi lipita, n'kudyako pang'ono mpamba. Bambo a kunyumba anati ndiwafotokozere anthu kuti zinthu zakwera, aliyense akudziwa. Ananena zoona, ndipo anzanga ambiri anachita zomwezo popanda wowadzudzula. Ine ndinasankha kupereka katundu pa mtengo wolembedwa kwa onse amene anali atasaina m'kope, ndipo kwa amene anangonena pakamwa ndinawauza mtengo watsopano. Sindikunena kuti aliyense achite chimodzimodzi, chifukwa ndikanakhala ndi ngongole ya katapila sindikanakwanitsa. Koma mwa amayi amene anandiitana chaka chotsatira, ambiri anali ochokera pa tsamba limenelo la kope, ndipo pondidziwikitsa kwa anzawo ankayamba ndi nkhani imeneyi asanatchule za mapoto. Phunziro langa pa ndalama linali lakuti dipoziti isagone m'nyumba kupitirira mlungu umodzi. Ikangolowa ndimatumiza kwa mnzanga wa ku Lilongwe kuti andigulire katunduyo n'kumukweza pa minibasi, ndipo ndimanena poyera kuti mtengo wolembedwa ukhala kwa masiku 30 okha.

Ambiri amalipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, zimene zandipulumutsa ku maulendo ambiri a kabaza opita ku Chipoka kapena ku Thavite kukatenga ndalama yochepa. Chokhacho chimene ndimanena msanga ndi nkhani ya ndalama yotapira, chifukwa kasitomala akatumiza mtengo weniweni osaonjezera yotapira, pa chinthu chaching'ono phindu limathera kwa ejenti. Ndimaiphatikiza mu mtengo kuyambira pachiyambi kuti tisadzakangane pa ndalama yochepa ndi munthu amene angadzandibweretsere oda yaikulu.

Chinthu china chimene chimandibweretsera maoda, ndipo sichidya ndalama zambiri, ndi foni imene ndimaimba patatha mlungu umodzi katundu atafika. Sindiimba kuti ndigulitse china, ndimangofunsa ngati poto akuphika bwino, ngati nsalu sinasuluke pochapa, ngati fulasiki ikusungabe kutentha. Nthawi zambiri amayankha kuti zonse zili bwino, kenako amawonjezera okha kuti mnansi wawo anaiona ndipo akufunsa mtengo. Pamenepo sindipempha nambala ya mnansiyo, koma ndimafunsa ngati angamuitane pamodzi ndi ena awiri atatu kuti ndidzabwere ndi katundu yense. Nthawi zina yankho limakhala loipa. Mayi wina wa ku Ngodzi anandiuza mozengereza kuti fulasiki yake ikuziziritsa madzi pofika masana, ndipo anali atangokhala chete poganiza kuti ndalama yake yapita. Ndinamupititsira ina tsiku lotsatira n'kutenga yowonongekayo. Ndikanapanda kuimba, mudzi wonse ukanadziwa kuti mafulasiki anga ndi abodza, ine ndekha osadziwa chifukwa chimene sakundiitaniranso.

WhatsApp sindinaisiye, koma ndinaipatsa ntchito ina. Sitetasi tsopano ndi yokumbutsa anthu amene anandiona kale, ndipo zithunzi zimene ndimaikapo ndi za katundu ali m'khitchini mwa kasitomala, iye atavomereza, kapena za makatoni akutsitsidwa pa minibasi pa Kaphatenga, kuti amene anapereka dipoziti aone kuti zinthu zikuyenda. Ndinasiya kulowetsa anthu m'magulu popanda kuwafunsa, nditaona momwe ine ndimanyansidwira ndikadzuka n'kupeza ndili m'gulu la malonda a munthu amene sindimudziwa. Katundu watsopano akafika ndimatsegula kope n'kutumiza uthenga wa mawu kwa anthu ochepa amene ndikudziwa kuti anafunsapo za chinthucho, ndikumutchula aliyense monga momwe amaitanidwira kwawo ndi kumufunsa kaye za ana ndi za kumunda. Uthenga wa mawu umayankhidwa kuposa wolemba, makamaka ndi amayi achikulire amene kuwerenga pa foni kumawavuta, ndipo amene alibe foni ya intaneti ndimangowaimbira.

Za ngongole kwa achibale ndinena mwachidule, chifukwa bala lake silinapole. Ndimawapatsa mphatso pamene ndingathe, ndipo akafuna kugula amalowa m'kope monga wina aliyense.

Loweruka likubwerali ndaitanidwa cha ku Khombedza, m'mudzi womwe uja munabuka manong'onong'o, ndipo wondiitana ndi mmodzi mwa amayi anayi amene anabweza maoda awo nthawi ija. Anandiimbira yekha mwezi watha atakumana ndi mlamu wanga pa maliro, ndipo anati mwana wake wamkazi akukwatiwa mu Ogasiti. Wanditchulira mayina 9, ndipo ndamukumbutsa za anzake a kwaya. Ndanyamula kale makatoni awiri, poto wanga wakuda uja amene tsopano chivundikiro chake chapindika pang'ono, kope, shuga ndi masamba a tiyi. Wa kabaza ndamuuza kuti afike 7 koloko, ndipo madzi a mu fulasiki ndidzawiritsa iye asanafike.